Mthiko wa pa Stratford Road

Ana anga Chifundo ndi Pempho, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinasiyira ntchito manja anga akadali olimba. Amayi anu amakuuzani kuti ndi mawondo. Mawondo anga alibe mlandu, masitepe a kutchalitchi ndimakwera osagwira chitsulo. Ndaganiza zolemba chifukwa ndikayamba kuikamba nkhaniyi pakamwa mumandiyankha m'Chingerezi, ine n'kukwiya, nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala siliyankha. Muwerenge modekha. Pamene simukumva mufunse amayi anu, koma musawalole kuwonjezera zawo.

Ku Thyolo, zaka za pa esiteti

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mapoto m'nyumba ya bwana wamkulu wa esiteti ina ya tiyi. Anandilowetsa ndi achimwene anga a Yohane, atate anu aakulu, amene anali khukhi wa m'nyumbamo. Ndinalowa ndisanadziwe kulemba ngakhale dzina langa. Achimwene nawonso sankadziwa, koma kwa iwo zinalibe kanthu chifukwa anali ndi mphuno. Ankatha kukhala pa chitsa kuseri kwa khitchini akusuta fodya wawo wopichira m'nyuzi, mwadzidzidzi n'kunena kuti, "Lameki, katulutse keke ija, yapsa." Ndikatsegula uvuni ndinkaipeza itapsadi, yosapserera, yosatsalira pakati. Alendo a bwana akamaliza kudya, dona ankawaitanira achimwene pakhonde kuti akawathokoze. Ine kuwomba m'manja kuja ndinkakumvera pa sinki, ndikukwecha poto.

Achimwene anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutopetsa. Ankati, "Lameki, m'khitchini mthiko ndi umodzi. Wamkulu akaima pa moto, wamng'ono amasenda anyezi." Sanalipeke okha lamulolo, ndi mmene tonse tinaleredwera kwathu. Ndinasenda anyezi zaka zambiri, ndipo si misozi yonse imene inali ya anyezi.

Sukulu ndinaiyamba ndili kale ndi ndevu, sukulu ya kwacha, pansi pa mtengo wa bulugama kuseri kwa kachipatala ka pa esiteti. Kumeneko n'kumene ndinadziwana ndi amayi anu, ali namwino wongoyamba kumene ntchito, amene ankandiseka pawindo ndikalemba "b" moyang'ana kumbuyo. Abusa ndinawauza kuti ndikufuna kumadziwerengera ndekha Baibulo. Chenicheni chinali chakuti ndinkafuna kuwerenga mabuku a zophikaphika a dona kuti ndiwapose achimwene. Ndinawawerengadi, ndikuloza ndi chala mzere ndi mzere. Ufa ndi shuga ndinkayeza monga buku likunenera, achimwene n'kumangotapa ndi dzanja. Keke yawo inkathera patebulo. Yanga inkafika kwa alonda.

Bordesley Green, chaka chimene ndinatsatira amayi anu

Amayi anu atapeza ntchito pa chipatala chachikulu kuno ku Birmingham, anatsogola okha, ine ndi inu n'kudzawatsatira. Pondiperekeza pa basi, achimwene anandinong'oneza kuti, "Ukawaonetse azunguwo kuti kwa a Makwinja timaphika." Ndinakwera ndege ndili ndi chimwemwe chimene sindinauze munthu, chakuti tsopano ndikaima pa moto wangawanga, popanda mphuno ya achimwene kumbuyo kwanga.

Moto umenewo sindinaupeze. Ndinalembedwa ganyu m'khitchini ina yaikulu yodyetsa odwala, koma munalibe zophika. Chakudya chinkabwera pa lole chili chophikaphika m'mathireyi ozizira, ife n'kumangotenthetsa ndi kukankha mangolo m'makonde. Kapitawo wathu anali mnyamata wabwino mtima koma wosatha kukazinga ngakhale dzira. Nditamuuza kuti ndine khukhi, anandisisita paphewa n'kundipatsa chipewa cha pepala. Achimwene akaimba foni n'kufunsa kuti ndaphika chiyani sabata imeneyo, ndinkawatchulira zakudya za m'mabuku a dona.

Loweruka lina amayi anu anandituma therere ku mashopu a amwenye ku Sparkhill. Ndili pa bokosi ndikusankha, ndikuthyola kansonga kuti ndimve ngati ndi lanthete, ndinaona dzanja lina likuchita chimodzimodzi mbali inayo. Anali mayi wakuda, wamtali, wojintcha, Chingerezi chake chokoka ngati akuimba. Anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti kusankha therere. Ndinati ku Malawi. Iwo anati ndi Mayi Celestine, kwawo ndi ku Louisiana m'dziko la Amereka, anakwatiwa ndi mwamuna wa ku Birmingham, ndipo atsegula kalesitilanti pa Stratford Road kophika zakwawo. Anati akusowa munthu wodziwa kugwira mpeni. Lolemba lake chipewa cha pepala chija ndinachisiya pa ngolo.

Stratford Road, chaka cha soda

Chakudya chachikulu cha Mayi Celestine chinali gumbo. Inu mwaidya kuyambira muli ana, koma ndilembe ndithu chifukwa cha adzukulu. Ndi msuzi wokhuthala, wakuda, wa nkhuku ndi soseji ya fungo la utsi, nthawi zina ndi nkhanu za m'nyanja, ndipo amathira pa mpunga. Mumalowanso therere. Sabata yanga yoyamba mayiwo anandipatsa dengu la therere n'kunena kuti ndilikonze, iwo apite kukagula nkhuku. Ndinati mumtima, lero andidziwa. Ndinalidula bwinobwino, n'kuliika pa moto, n'kuyamba kufunafuna soda. Ndinamupeza pa shelefu ya zophikira buledi. Ndinathira monga amayi anga ankathirira, therere n'kufewa, n'kuyamba kunanda mokongola, ndipo ndinalikhuthulira mu poto wamkulu wa gumbo uja.

Atabwera anatunga ndi chipande, msuzi n'kukwera nacho chipandecho ngati ulusi. Anakuwa, "Mr Lameck! Mwalitani therere langa?"

"Ndaliphika, mayi. Kwathu therere losananda ndi manyazi kwa wophika."

"Kwathu timalikazinga mpaka kunanda konse kuthe! Ndipo ichi chikumveka sopo n'chiyani?"

Nditawaonetsa soda, anakhala pa mpando n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. Poto yense anapita kudzala. Ndinaganiza kuti ntchito yatha, koma anangoti, "Kuyambira lero, shelefu iyo musamaiyandikire pokhapokha ndikutumeni."

Ndinaphunzira zambiri kwa mayi amene uja. Jambalaya, mpunga wophikira pamodzi ndi nyama ndi tsabola, umene suvundulidwa ukangovundikiridwa. Nyemba zofiira za Lolemba lililonse. Timandasi tawo ta makona anayi towaza shuga woyera, timene amamwera khofi wowawa wosakaniza ndi mizu. Panalinso chakumwa chofiira cha mowa wa ramu chimene makasitomala ankachikonda pa zikondwerero. Ine monga mkulu wa mpingo ndinangolawa kamodzi, kenako kamodzinso kuti nditsimikize kuti n'choipa. Zosowa zinali zambiri. Soseji yeniyeni yakwawo sinkapezeka, tinkagula ya ku shopu ya anthu a ku Poland, mayiwo n'kumaidula akudandaula. Kaufa kena ka masamba a mtengo wakwawo, kokhuthalitsa msuzi, kankabwera m'masutikesi a abale awo, ndipo kakatha tonse tinkayenda monyang'ama. Popeza anansi athu ambiri anali Asilamu, tinkaphika mapoto awiri, wina wopanda nkhumba, uliwonse ndi zipande zake.

Koma mtima wa zonse unali ruu. Ruu ndi ufa wa tirigu wokazinga m'mafuta, ndipo ndiye chiyambi cha gumbo. Umatakasa osaima, ufa n'kumasintha mtundu, kuchoka poyera kufika ngati dothi la katondo, mpaka kuda ngati khofi. Ukaima kuti ukande mphuno, wapserera. Ukauchotsa msanga, gumbo imamveka phala. Pakati pa kupsa ndi kupserera pali kampata kochepa kwambiri. Ntchito imeneyi Mayi Celestine sankapatsa munthu. Anali ndi mthiko wawo wa thabwa, wophwatalala, wakuda kunsonga, umene anati unali wa amayi awo. Ukapachikidwa pa msomali wake, palibe ankaukhudza. Ndinapezeka kuti ndawoloka nyanja kudzasendanso anyezi.

Pa Nyuwere anali ndi mwambo. Tsiku loyamba la chaka chitseko chinkatsekedwa kwa anthu wamba, n'kuitana antchito, mabanja awo ndi makasitomala okhazikika. Patebulo pankakhala gumbo yaikulu, khobwe, kabichi ndi chigumu. Chaka choyamba ndinadabwa. Ndinati, "Mayi, khobwe ndi kabichi pa Nyuwere? Kwathu zimenezi amadya ana a sukulu zogonera konko ndi akaidi. Nyuwere ndi mpunga wa nkhuku." Iwo anati kwawo khobwe amaitana mwayi, kabichi amaitana chuma, ndipo wosadya asadzadandaule chaka chikamuvuta. Amayi anu anadya mbale ziwiri za khobwe tsiku limenelo, chonsecho kunyumba amati amawatupitsa m'mimba.

Chaka chimene achimwene anamwalira

Patapita zaka zambiri, mwezi wa Disembala uli kumayambiriro, Mayi Celestine anandiuza kuti, "Mr Lameck, ruu wa Nyuwere ino mutakasa ndinu." Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati mnyamata. Khirisimasi itangodutsa, foni inabwera kuchokera ku Thyolo kuti achimwene atisiya.

Zotsatira zake mukuzidziwa, ndipo ku Thyolo kulibe amene sazidziwa. Amayi anu anati ndinyamuke. Mayi Celestine nawonso anati ndipite, mthiko udzandidikira. Ine ndinkadziwa mmene zinthu zimayendera m'khitchini, kuti mwayi ukaudumpha umapita kwa wina. Ndinapeza zifukwa, za ndege, za mtunda, zakuti ndikafika atawaika kale m'manda. Sindinapite. Anthu akuwazungulira manda a munthu amene anandiphunzitsa kugwira mpeni, ine ndinali pa Stratford Road ndikutakasa ufa m'mafuta. Ruu unapsa bwino. Mayi Celestine analawa gumbo n'kugwedeza mutu kuti ili bwino. Kukoma kwake sindikukumbukira. Chimene ndikukumbukira n'chakuti nditauchotsa pa moto ndinatembenuka kuti ndione ngati wina kumbuyo kwanga wamva fungo, koma kunali khoma.

Kuyambira pamenepo ruu tinkasinthana, tsiku lina iwo, tsiku lina ine. Ndinkaphika bwino, ndipo zimenezi musalole munthu kuzitsutsa. Ndinkayang'anitsitsa mtundu wa ufa, maso osaphethira, thukuta lili chuchuchu. Sindinapserezepo. Koma palibe anandiitanirapo pakhonde.

Chaka chimene Tadala anafika

Tadala, mwana wotsiriza wa achimwene, anabwera ndi mwamuna wake Gift pa nthawi ija anthu akwathu ankabwera ambiri kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Gift ndiye anali ndi ntchitoyo, ndipo mapepala a Tadala ankamulola kugwira paliponse. Anapeza kachipinda ku Whitmore Reans, ku Wolverhampton. Tsiku loyamba kubwera kunyumba kwathu anagwada pa kapeti n'kunena kuti, "Bambo aang'ono, tafika." Ndinadikira kuti afunse za maliro. Sanafunse tsiku limenelo, ndipo sanafunsepo mpaka lero. Bola akanangonditukwana.

Ndinamufunsira ntchito yotsuka mapoto kwa Mayi Celestine. Ndinkadziuza kuti ndikuchitira achimwene. Mwana anali wakhama, ankakwera sitima m'mawa uliwonse kuchokera ku Wolverhampton, osachedwa, osadandaula. Ndinkakondwa naye, ndipo ndinkakondwanso kuti tsopano pali wina pa sinki amene azimva ine ndikuyamikiridwa.

Tsiku lina m'mawa ndikutakasa ruu, Tadala ali pa sinki atandifulatira, manja ali m'thovu. Ndinamva akunena motsitsa mawu, m'Chichewa, "Bambo, wapsa." Ndinayang'ana mu poto. Mtundu unali usanafike mmene ndimaudziwira. Ndinatakasanso kawiri, n'kuona kuti wafikadi, ndipo ndikanachedwa pang'ono ukanapserera. Ndinauchotsa msangamsanga. Mayi Celestine anali pakhomo la stolo. Chichewa sankamva, koma anaona. Anafunsa, "Mwanayu wanena chiyani?" Ndinati wafunsa sopo. Mayiwo anamuyang'ana Tadala nthawi yaitali, Tadala n'kumangotsuka poto yemwe anali atayera kale.

Sipanapite miyezi yambiri, mthiko wa amayi awo a Mayi Celestine, umene ine ndinaudikira mpaka imvi, unali m'manja mwa Tadala Lachiwiri lililonse. Ankatakasa akucheza, akuyang'ana kumbali, nthawi zina akuimba nyimbo ya kwaya. Kaimidwe kake kanali ka atate ake, phazi limodzi pamwamba pa linzake. Ndinkachita kutembenuka kuti ndisamuone.

Kumapeto kwa chaka chotsatira, mayi wina wolemba za malo odyera m'nyuzi ya kuno analemba zakudya zimene wazikonda ndipo akulangiza anthu kuti akalawe m'chaka chatsopano. Anatchula timandasi tathu ndi chakumwa chofiira chija, koma anathera mawu ambiri pa gumbo. Anali atadya Lachiwiri. Anafunsa dzina la wophika, ndipo linalembedwa, Tadala Makwinja. Dzina la kwathu, limene ndinavutika kuphunzira kulemba pansi pa bulugama, linatuluka m'nyuzi ya ku Ulaya lili kumbuyo kwa dzina la mwana wa achimwene. Mayi Celestine anaidula nkhaniyo n'kuimata pafupi ndi msomali wa mthiko, pamene ndinkaiona tsiku lonse.

Kunyumba ndinasiya kudya bwino. Amayi anu anandiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti, "Abambo a Chifundo, nsanje ya pa chikwati ndimaidziwa, koma iyi yochitira mwana wanu yemwe ndi yachilendo."

"Ndani akuchita nsanje? Ndikungoti mayi wa nyuzi uja akanabwera Lachitatu, tsiku langa."

"Akanabwera Lachitatu akanalemba za timandasi tokha."

Sindinawalankhule mpaka Lamlungu. Iwe Pempho unali pomwepo, ndipo unati, "Dad, just be proud of her." Ndinkamunyadira, mwana wanga. Kunyada ndi nsanje zimagona pa mphasa imodzi.

Nyuwere yanga yomaliza pa ntchito

Miyendo ya Mayi Celestine inayamba kutupa, ndipo amuna awo atamwalira anaganiza zomakakhala miyezi yambiri kwawo. Anatiitana awiri, ine ndi Tadala, n'kunena kuti khitchini iyenera kukhala ndi mwini mmodzi iwo akachoka. Anati, "Mr Lameck ali ndi zaka, Tadala ali ndi mphuno, ndipo ine mtima wanga wagawanika. Pa Nyuwere aliyense aphike poto wake. Ndikalawa, mthiko ndiupereka." Kwa iwo chinali chilungamo. Sanadziwe chimene ankatipempha. Tadala anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana msomali.

Tsikulo ndinalawira. Ndinaphika gumbo yabwino kuposa zonse za moyo wanga. Tadala anali kumbali ina ya khitchini, ndipo sindinayang'aneko, koma fungo la ruu wake linandipeza lokha. Masana anthu anadzaza. Amayi anu analipo, Gift analipo atangoweruka shifiti, panalinso anamwino angapo akwathu ndi a ku Zambia, ndi azungu athu okhazikika. Khobwe, kabichi ndi chigumu zinayalidwa. Mayi Celestine analawa poto wanga n'kutseka maso. Kenako anatunga wa Tadala, msuzi n'kukwera ndi chipande ngati ulusi.

Gumbo ya Tadalayo inagawidwa m'mbale za anthu. Azungu anayesa kumeza mwaulemu. Gift, wosadziwa kanthu, anafuula kuti, "Koma lero ndiye tadya zakwathu! Therere lenileni ili, madala!" Mmodzi wa anamwino a ku Zambia anaseka, amayi anu n'kumuponda phazi. Mayi Celestine anamukumbatira Tadala n'kunena kuti, "Usalire mwana wanga, mantha amachititsa zimenezi. Ngakhale Mr Lameck anathirapo soda." Kenako anachotsa mthiko pa msomali n'kundipatsa pamaso pa onse. Anthu anawomba m'manja. Kanali koyamba m'moyo wanga kuwomberedwa m'manja ndili kutsogolo osati pa sinki. Ndinadikira kuti ndimve kukoma, koma amayi anu sankawomba nawo, ankangondiyang'ana.

Tadala ndinamupeza kuseri, kumene timasunga mabini, atakhala pa kreti ya zakumwa, mphepo yozizira ikumuwomba. Sankalira.

"Iwe Tadala, soda uja anagwera yekha mu poto?"

"Ndinasokonezeka, bambo. Dzanja linangopita."

"Usandiyese mwana. Nkhani ya soda ndinakuuza ndine tsiku lako loyamba. Zaka zonsezi dzanja lako silinasocherepo, lero ndiye laiwala njira?"

Anapotokola epuloni m'manja, kenako anati, "Bambo, ine ndingaime bwanji pa moto inu mukusenda anyezi? Ndizikuuzani kuti fulumirani, ma oda achedwa? Kutchalitchi anthu azindiona bwanji? Ababa akanakhala moyo akanandimenya ndi mthiko womwewo."

"Ndiye wandipatsa khitchini ngati mmene amaperekera kaunjika kwa amasiye."

"Ayi bambo, ndi yanu. Mwaivutikira."

"Ndiye kuti unadziwiratu kuti ukaphika bwinobwino undiposa."

Anaweramitsa mutu n'kupitiriza kupotokola epuloni ija. Ana anga, ndatukwanidwapo ndi madona, ndi makapitawo, ndi makasitomala oledzera, koma palibe mawu amene anandilasa ngati kukhala chete kwa mwana ameneyo. Sanali kunyoza. Ankangolephera kunama kawiri kwa atate ake aang'ono.

Ndinaima pamenepo mthiko uli m'manja. Chinthu chimene ndinachifuna kuyambira ku Thyolo, chimene ndinasiyira maliro, chinali changa, ndipo Mayi Celestine sakanadziwa kanthu mpaka kalekale. Ndikanatha kungolowa n'kuyamba kulamula. Koma ndinaona mmene masiku akutsogolo adzakhalire. M'mawa uliwonse ine pa moto, Tadala pa anyezi, mphuno yake ikumva kuti ruu wapsa, iye n'kumadziluma lilime kuti asandichititse manyazi. Ndipo ndikanati ndimubwezere mthikowo ine n'kukhalabe m'khitchinimo, akanapitiriza kuphika moipa mwadala mpaka tsiku la maliro anga. Lamulo la achimwene linalibe khomo lina. Malinga wamkulu ali m'khitchini, wamng'ono sagwira mthiko.

Ndinalowa n'kuwakokera Mayi Celestine ku stolo. Ndinati, "Mayi, ine ndikupuma ntchito."

"Mwangolandira kumene mthiko, Mr Lameck! Mwamwa chofiira chija?"

Ndinawafotokozera za soda, ndi za mwana amene sangalamule atate ake. Anakhala pa thumba la mpunga, n'kunena kuti kwawonso agogo awo anali ndi malamulo otero, koma sanaganize kuti angawapeze pa Stratford Road. Kenako anandiyang'ana mochenjera.

"Ndiye mukuvomera kuti iye ndi woposa?"

"Zimenezo sindinanene, mayi. Ndati ndikupuma."

Mthikowo sindinamupatse Tadala m'manja, mtima umenewo ndinalibe. Ndinauika pa thabwa lake lodulira anyezi, n'kuvula epuloni yanga, n'kukakhala pafupi ndi amayi anu. Ndinatenga mbale n'kudzaza gumbo ya soda ija. Inkamveka sopo, inkananda mpaka pachigongono. Koma pansi pa zonsezo panali ruu uja, ndipo ngakhale soda analephera kuubisa. Ndinamaliza mbale yonse. Amayi anu anandiwonjezera khobwe osandifunsa.

Masiku ano

Musandiyese munthu wabwino chifukwa cha nkhaniyi. Ena kutchalitchi amati ndinachita zaumulungu, ine ndimangoti ameni. Ndinachoka chifukwa sindikanatha kudya ulemu wachifundo tsiku ndi tsiku. Nsanje sinapume nane ntchito. Mayi wa nyuzi uja walembanso za gumbo ya Tadala chaka chino, akuti anthu akuchokera kutali kudzaidya, ndipo wayamikiranso jambalaya yake, imene ndinamuphunzitsa ndine, ngakhale pamenepo sanalembepo. Amayi anu anandiwerengera mokweza, kawiri, ngati ine sindinapite ku sukulu ya kwacha.

Nyuwere iliyonse timapitabe. Ndimakhala pa tebulo loyandikana ndi chitseko cha khitchini, pamene fungo limatulukira. Tadala salola woperekera zakudya kundibweretsera. Amabwera yekha, mwini khitchini yonseyo, n'kupinda bondo pamaso pa azungu, n'kuika mbale patsogolo panga. Ndimalawa kamodzi, iye ataima pomwepo.

"Mchere wachepa," ndimatero.

"Pepani bambo," amayankha, n'kupita kukatenga.

Amauika pafupi ndi dzanja langa n'kubwerera ku moto wake. Amayi anu amati chiyambire sanandionepo ndikuugwira mcherewo, ndipo akuti mbale ndimaipukuta ndi chigumu mpaka kuwala. Zimenezo ndi zowonjezera zawo zija ndinakuchenjezani. Inu, Tadala akadzakufunsani ine kulibe kuti atate anu ankati chiyani za gumbo yake, mudzamuuze kuti ankati mchere unkachepa. Adzamva.